Nkhope Zinayi za Belita

"Tseka maso," anatero Dominic.

"Aphunzitsi inu, ine si mwana wa Fomu 1," Belita anayankha, koma anatsekabe.

Anali m'kachipinda ka kuseri kwa golosale ina pa Migowi, momwe Dominic Kachingwe, mphunzitsi wa ku sekondale wochokera ku Dedza, ankajambuliramo anthu Loweruka lililonse. Munali benchi imodzi, mpando, tebulo, nsalu yabuluu pakhoma, kamera ya dijito ndi kompyuta yakale imene adagula ku Limbe. M'chaka cha 2007 chimenecho makompyuta a pa Migowi unkatha kuwawerenga ndi zala, ndipo ya Dominic ndiyo inkatchuka chifukwa inkachotsa ziphuphu pankhope za atsikana.

Belita atatsegula maso, anapeza nkhope yake ikumuyang'ana kanayi m'felemu imodzi. Pamwamba kumanzere anali wachikasu, milomo ili psuu. Pambali pake anali wobiriwira, tsitsi la olenji. M'munsimo nkhope ina inali yapinki, ina yabuluu, maso okha ndiwo anali akuda monga adawalengera Mulungu. Makwinya, thukuta, kachipsera ka pachibwano, zonse zinali zitachoka. Kunatsala mizere yakuda ndi makala owala ngati a pachitenje chatsopano.

Anakuwa kaye, kenaka anaseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Mwandisandutsa bilimankhwe?"

"Kunjaku amajambula chonchi oimba otchuka okhaokha," Dominic anatero monyada. "Masiku anayi ndakhala ndikulimbana nacho. Phalombe yense palibe mtsikana wina ali nacho."

Belita anachiyang'anitsitsa. Mpendekero wa mutuwo anaukumbukira.

"Si chija munatijambula ndi Madalo pa tchalitchi ichi? Atandikoleka dzanja paphewa?"

"Ndi chomwecho. Madalo ndamufufuta. Ndimafuna iwe wekha."

"Mng'ono wanga uja akamva, mudziwanso."

Dominic anatulutsa jumbo pansi pa tebulo. Munali chitenje chamtengo wapatali ndi mpango. Anaikamo felemu ija, n'kumupatsa ndi manja awiri, nthabwala zonse zitamuthera.

"Chikole chako ndi ichi, Belita. Malume anga afika kuchokera ku Dedza pakatha masabata awiri kudzafunsira mbeta. Ukawauze a kwanu."

Belita anagwedeza mutu movomereza. Ankamukonda mnyamatayu mopanda manyazi, ndipo tsiku limeneli adaliyembekezera chaka chathunthu.

* * *

Chikole sichibisidwa. Mtsikana akalandira amakaonetsa akuluakulu, kuti mawa zikavuta asadzanene kuti sankadziwa. Choncho Lamulungu atachoka ku tchalitchi, Belita anayala mphasa pakhonde kwawo ku Mkhumba n'kuitana mayi ake ndi atsibweni ake, a Jonasi, omwe anali mwini mbumba. Chimwalirireni bambo a Belita m'madzi osefukira a Napolo aja, chilichonse cha pakhomopo chinkadutsa m'manja mwa a Jonasi, munthu wosakonda kuseka pachabe.

Mayi anachipapasa chitenje, nakhutira nacho. Mpango nawo unayamikiridwa. Itatuluka felemu, a Jonasi anaitenga m'manja.

"Ndani ameneyu?" anafunsa a Jonasi.

"Ndine, atsibweni."

"Onse anayiwa?"

"Ndi sitayilo chabe. Amapanga pakompyuta."

A Jonasi anaitalikitsa felemuyo ndi maso, naiyandikitsanso. Chala chawo chinaima pankhope yabuluu.

"Ine ndaona anthu ambiri, mwanawe. Munthu wa khungu ili ndidamuona kamodzi kokha, ndipo sankapuma."

Mayi anatembenukira kumbali n'kulavula timalovu. Amene anapulumutsa zinthu ndi Madalo, mng'ono wa Belita wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, yemwe ankamvetsera atabisala kuseri kwa chitseko. Anatulukira n'kulanda felemuyo.

"Atsibweni inunso! Zimenezi ndi zam'tauni. Achemwali, mukawauze alamu andipangire changa, ine andipake kofiira thupi lonse."

Anakaikhoma yekha pabalaza, pamwamba pa wailesi. A Jonasi anangoti alendo a ku Dedzawo abwere, adzawamva. Belita anafuna kumunong'oneza Madalo kuti pachithunzipo adalipo koma adachotsedwa, kuti aseke limodzi. Atayang'ana nkhope ya atsibweni ake, anameza mawuwo.

* * *

Lachiwiri Madalo anabwera kusukulu akudandaula mutu. Lachitatu thupi linatentha, akusanza chilichonse. Lachinayi m'mawa anayamba kubwebweta, kenaka anakomoka, maso atatembenuzika, osayankha ngakhale mayi ake akumugwedeza.

Galimoto yapafupi inali pikapu ya Fraser, wogula nandolo wa pa Migowi, yemwe tsikulo anali ndi sikelo yake m'mudzimo. Fraser ameneyu adamufunsira Belita katatu, ndipo katatu konse adabwerera chimanjamanja. Kukana kwa mkazi iye ankakuona ngati mtengo wa mbewu, kuti ukadikira umatsika. Analowa m'nyumba kudzanyamula wodwala, ndipo potuluka anaima pabalaza, maso ali pamwamba pa wailesi. Anangoimba kamluzu kakang'ono.

Ku chipatala cha mishoni adokotala anati ndi malungo aakulu, ofika kuubongo. Anamuika diripi ya kwinini. Namwino wina wachifundo anamuuza Belita kuti ena amatsitsimuka pakatha tsiku, ena masiku awiri kapena atatu, ena satsitsimuka.

Madzulo a tsikulo, pansi pa mtengo wa mango pomwe odikirira odwala amaphikira, Fraser anakhala pafupi ndi a Jonasi. Analankhula motsitsa mawu, koma motsitsa mwa dala, kuti Belita amve.

"Ine sindinena munthu, madala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi wamba, malipiro ake tonse timawadziwa, kompyuta waitenga kuti? Kamera waitenga kuti? Masiku ano okhwima sayenda ndi nsupa ayi. Amangofuna chithunzi chako basi."

"Chithunzicho ndi cha Belita," anatero a Jonasi. "Wadwala ndi Madalo."

"N'chimene chikundizunguza nanenso. Pokhapokha ngati mwanayo adajambulidwapo nayenso."

Belita anali akupukusa phala. Mthiko unamugwa m'manja. Anautola msanga. Iye yekha pabanja ponse ndiye ankadziwa kuti Madalo adalipo pachithunzicho, ndi kuti adafufutidwa. Adaphunzira mpaka Fomu 4, ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Komabe mawu aja a Dominic, akuti Madalo ndamufufuta, anayamba kumuzungulira m'mutu osachoka.

* * *

Lachisanu m'mawa foni ya Belita inalira kawiri. Unali uthenga wochokera kwa Dominic.

"Ndamva za Madalo. Bwanji osandiuza? Ndikubwera ndikaweruka."

Belita anayankha pomwepo. "Musabwere chonde. Kuno sikuli bwino."

"Mlamu wanga ali gone, ine ndikhale? Ndikubwera."

Anabweradi, pa njinga yake, atanyamula buledi, shuga ndi botolo la sobo. Belita anamuchingamira kugeti asanafike kuwodi, n'kumukokera kuseri kwa mpanda wa maluwa.

"Dominic, ndimvereni. Aliyense akakufunsani za chithunzi chija, munene kuti ndidali ndekha. Musatchule zoti mudamufufuta Madalo."

Dominic anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira ataona maso a Belita.

"Chifukwa chiyani?"

"Fraser akuuza anthu kuti ndinu wokhwima. Pamsika ayamba kale kunong'onezana. Inu simudali kuno nthawi ya mphekesera za opopa magazi ija. Ine ndidaona ndi maso angawa mlendo akuthamangitsidwa ndi miyala chifukwa chonyamula chikwama chachilendo basi. Anthu akuno akachita mantha safunsa kawiri."

"Ndiye ndiname? Pa chinthu choti mwana aliyense wa m'kalasi mwanga angachite nditamuonetsa?" Anamuyang'anitsitsa. "Kapena nawenso ukuganiza choncho?"

"Ayi!"

Anayankha mofulumira kwambiri, ndipo onse awiri anamva kufulumirako. Dominic anatsitsa maso. Zinamupweteka, ndipo Belita anadzida chifukwa cha zimenezo.

"Aphunzitsi."

Anali a Jonasi, ataima kumbuyo kwawo, manja kumsana. Dominic anavula chipewa n'kunjuta, nawalonjera mwaulemu wonse. Anapereka jumbo ija. A Jonasi sanailandire.

"Zakudyazo bwererani nazo, wodwala sakudya. Ine ndili ndi funso limodzi. Nkhope ya mwana wathu mudaisandutsa bwanji?"

"Ndi zophweka, bambo. Mutabwera ndingakuonetseni chiyambi mpaka mapeto."

"Ndibweradi. Mawa m'mawa. Ndikaona ndi maso anga kuti ndi ntchito ya manja, malume anuwo adzalandiridwa. Ndikaona zina, chikole chanu mudzachipeza pakhomo panu, ndipo mwana uyu mudzamuiwale."

A Jonasi atachoka, Belita anagwira malaya a Dominic.

"Mukawaonetse ndi chithunzi chanu chomwe. Osati chathu chija. Lonjezani."

"Chabwino," anatero Dominic mosakondwa. "Ndalonjeza."

* * *

Kunacha Loweruka Madalo asanatsitsimuke. Mayi anali atasiya kupemphera m'Chichewa, tsopano ankapemphera m'Chilomwe, chimene ankachita pokhapokha zinthu zikafika poipa. Belita anawasiya atagwada pambali pa bedi, nakwera kabaza kutsatira atsibweni ake ku Migowi.

Linali tsiku la msika. Atafika kuseri kwa golosale ija anapeza pikapu ya Fraser itaima kale, mwini wake atatsamira chitseko cha kachipinda kaja. Panalinso amuna ena asanu kapena asanu ndi mmodzi amene analibe chogula chilichonse pamenepo.

"Ndangobwera kudzaperekeza madala," Fraser anatero akumwetulira.

Dominic anawapatsa a Jonasi mpando pafupi ndi kompyuta. Anali atavala malaya oyera ndi tayi ngati akupita kukalasi, koma pamphumi panali thukuta. Anatsegula chithunzi cha iye mwini, chimene adajambulitsa tsiku lomaliza maphunziro.

"Tiyambe ndi nkhope yangayi, bambo, kuti muone kuti palibe choopsa."

Anagwira kambewa ka kompyuta n'kuyamba kuzungulira mutu wake ndi kamzere. Anachotsa zakumbuyo zonse. Anachotsa makala, chithunzi chinatsala chakuda ndi choyera. Anawonjezera kuwala mpaka mithunzi yapakatikati inatha, kunangotsala maso, mphuno ndi milomo. Kenaka anasankha kachidebe ka penti pakona, nakhudza patsaya. Nkhope yonse inasanduka yobiriwira. Anakhudza tsitsi, linafiira.

"Mwaona? Ndi penti chabe, kungoti ilibe fungo."

A Jonasi anaweramira kutsogolo. Anayang'ana nkhope yobiriwirayo, nayang'ana Dominic wamoyo ali pambali pawo, wakuda bwinobwino monga adabadwira. Mapewa awo anayamba kutsika. Mmodzi wa amuna a pakhomo aja mpaka anaseka. Belita anapuma kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachinayi.

"Zokongola," anatero Fraser. "Koma sing'anga sadzilodza yekha, madala. Mlandu uli pa chithunzi cha Belita. Ationetse kumene chidachokera."

"Ndi njira yomweyi," Dominic anayankha.

"Ngati ndi yomweyi, chovuta n'chiyani?"

A Jonasi anatembenuka. "Akunena zoona. Tsegulani cha mwana wathu, mmene chidalili musanachipake."

Dominic anayang'ana Belita. Belita anapukusa mutu pang'ono, maso akumuchonderera kuti anene kuti chidatayika, chidafufutika, chilichonse. Koma Dominic anali munthu wa choko, wokhulupirira kuti chinthu ukachifotokoza bwino aliyense amamva. Ndiponso kukana pamaso pa anthu onsewo kukanaoneka ngati akubisa kanthu.

"Palibe chobisa," anatero, natsegula.

Chithunzi chinadzaza galasi lonse la kompyuta. Panali khoma la tchalitchi, dzuwa la masana, ndi atsikana awiri ovala zitenje zofanana. Madalo anali atakoleka dzanja paphewa la mkulu wake, akuseka mano onse pamtunda.

A Jonasi anasendeza mpando kufupi.

"Uyu ndi Madalo," anatero a Jonasi pang'onopang'ono.

"Eya, bambo."

"Pa chija chili kunyumba palibepo. Adapita kuti?"

"Ndidamuchotsa kuti nkhope ya Belita ioneke yokha. Taonani, pali kachofufutira apa, ngati labala ya kusukulu."

"Dominic, musatero!" Belita anakuwa.

Anachedwa. Dzanja la mphunzitsi linali litayamba kale phunziro. Kabwalo koyera kanadutsa pankhope ya Madalo, diso limodzi linachoka. Kanadutsanso, pakamwa poseka paja panatha. Kenaka khosi, chifuwa, chitenje. Pamapeto panatsala zala zinayi zokha paphewa la Belita, zopanda mwini.

Belita anaona mng'ono wake akutha pamaso pake, monga momwe ankathera pabedi paja tsiku ndi tsiku. Kunja wina anati, "Yesu wanga!" ndipo mapazi anamveka akuthamangira kumsika.

A Jonasi anaimirira, mpando unagwa chagada. Mawu awo ankanjenjemera, ndipo Belita anali asanawamvepo akunjenjemera.

"Mudachita liti zimenezi?"

"Sabata yatha, bambo, koma..."

"Sabata yatha. Ndipo sabata ino mwana wagona." Analoza galasi. "Mubwezereni."

"Bambo, ichi ndi chithunzi chabe. Madalo akudwala malungo, adokotala anena..."

"Ndati mubwezereni mwana wa mlongo wanga! Pompano!"

Dominic anatembenukira ku kompyuta. Anadina mabatani awiri, kamodzi, kawiri, katatu. Chitenje chinabwerera. Khosi linabwerera. Pakamwa, mphuno, kenaka diso lija. Madalo anaimanso pambali pa mkulu wake, wathunthu, akuseka ngati palibe chachitika.

"Mwaona?" Dominic anatero, mawu atauma. "Sanapite kulikonse. Palibe chimene ndamuchita."

Pakhomo anthu anali atachuluka, mitu ikusuzumira pamwamba pa mapewa a Fraser. Amayi ena anali atasiya malonda awo, ana ali kumsana.

Ndipo foni ya Belita inalira.

Nambala inali yachilendo. Anaiyang'ana osafuna kuyankha, poti foni yochokera kuchipatala nthawi ngati imeneyo imakhala ndi uthenga umodzi wokha. Anadina, naiika kukhutu, maso atatseka.

"Belita! Belita mwanangu!" Anali mayi ake, pafoni yobwereka, akulira mokweza moti chipinda chonse chinkamva. "Wadzuka! Madalo watsegula maso! Wandiitana, akuti akufuna phala!"

Belita anagwada pansi pomwepo, misozi ili chuchuchu. "Zikomo Ambuye. Zikomo. Wadzuka nthawi yanji, amayi?"

"Pompano! Pompano, mwanangu, sipanathe ndi mphindi ziwiri zomwe!"

Dominic anaseka ndi chimwemwe, naponya manja m'mwamba. "Kwinini uja wagwira! Masiku awiri okha! Bambo, mwamva?"

Anatembenukira a Jonasi, koma a Jonasi anali atabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Sankayang'ana Dominic. Ankayang'ana dzanja lake, lomwe linali litabwereranso pa kambewa kaja.

"Tamva," anatero chapansipansi. "Tonse tamva. Mwamubweza, wabwera."

Mawuwo anatuluka pakhomo, nayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kumsewu. Wamubweza, wabwera. Phokoso la kunja linasintha, silinalinso la msika. Fraser anachoka pachitseko mwaulemu, kupereka njira kwa aliyense wofuna kulowa. Mwala woyamba unagwa padenga la malata.

Apa m'pamene Dominic anazindikira. Nkhope yake inagwa. Anayang'ana uku ndi uku, kachipindako kanali ndi khomo limodzi lokha. Anatambasulira dzanja munthu mmodzi yekhayo amene akanamuimira pa Migowi ponse.

"Belita, auze. Iwe ukundidziwa. Auze kuti zangochitika pamodzi."

Belita ankamukonda. Ankadziwa za udzudzu, ankadziwa za kwinini, ndipo mawu oti amuteteze anali atafika kale pamilomo. Koma pagalasi Madalo ankamuyang'ana akuseka, ndipo m'khutu mawu a mayi ake ankabwerezabe kuti pompano, pompano. Dzanja la Dominic litayandikira phewa lake, thupi la Belita linadzibweza lokha, iye asanaliuze.

Anthu onse a pakhomo anaona.